Maso a Ndani? Ciyambi ndi Zokonda za Openda Mafilimu, ndi Malo a Filimu ya m'Cinyanja

CIDULE

Nkhani ino ikufufuza mmene kwao, maphunziro ndi cinenero ca openda mafilimu zimaumbira zokonda zao, ndiponso mmene zokondazo zimasandukira muyeso umene ena onse amapimira nao. Zitsanzo zatengedwa ku France, ku America, ku Northern Rhodesia ndi m'mafilimu awiri a masiku ano amene muli Cinyanja. Mfundo yaikulu ndi yakuti wopenda amene samva cinenero ca filimu amapenda mbali imodzi yokha ya filimuyo, ndi kuti aphunzitsi a zinenero ali ndi gawo pa nchito yodzaza mpata umenewu.

1.0 MAU OYAMBA

Aliyense woonera filimu amatuluka ndi mau ake pa zimene waona. Koma ndi ocepa okha amene mau ao amasindikizidwa, nawerengedwa m'masukulu, nasungidwa m'malaibulale. Amenewa ndiwo tikuwacha openda mafilimu. Zimene iwo ayamikira zimatengedwa kupita ku zikondwerero, zimalandira mphoto ndipo zimaphunzitsidwa. Zimene anyalanyaza zimaiwalika msanga. Cotero funso lakuti openda ndi ndani, anakulira kuti, ndipo amamva zinenero ziti, si funso lamiseche. Ndi funso lokhudza mphamvu yosankha zimene mbadwo wotsatira udzayesa zabwino.

Pierre Bourdieu, m'buku lake La Distinction (1979), anasonyeza kuti zokonda za munthu pa nyimbo, zakudya ndi zaluso zimayenda limodzi ndi banja limene anabadwira ndi sukulu imene anapitako. Munthu amaona ngati zokonda zake n'zobadwa nazo, pamene zoona zake n'zakuti anaziphunzira. Ngati zili conco kwa woonera wamba, wopenda sangakhale wosiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti wopenda ali ndi nsanja yoimirirapo.

2.0 ZOKONDA ZA GULU ZISANDUKA LAMULO

2.1 Anyamata a ku Paris

Magazini ya Cahiers du Cinéma inayamba mu 1951, ndipo mmodzi wa oiyambitsa anali André Bazin. Mozungulira iye munasonkhana anyamata monga François Truffaut, Jean-Luc Godard, Jacques Rivette ndi Claude Chabrol, pamodzi ndi Éric Rohmer amene anali wamkuluko. Sukulu yao yeniyeni inali Cinémathèque française ya Henri Langlois, kumene anali kuonera mafilimu akale usiku ndi usiku. Truffaut anasiya sukulu akali mwana, ndipo Bazin ndiye anamutola namusamalira. Anyamatawa anakula m'nthawi imene mafilimu a ku Hollywood, amene anali oletsedwa m'zaka za nkhondo, anasefukira mu Paris nkhondo itatha. Anakonda Alfred Hitchcock ndi Howard Hawks pamene akulu ao anali kuwayesa ongosangalatsa anthu cabe.

Mu 1954 Truffaut anafalitsa nkhani yodzudzula mafilimu a Cifalansa amene anali kudalira kwambiri olemba masewero ndi mabuku olemekezeka. Kucokera pamenepo panakula ganizo lakuti wotsogolera filimu ndiye mwini wake weniweni, monga momwe mlembi alili mwini buku. Tiyenera kuona kuti anyamatawa anali kufuna kudzakhala otsogolera mafilimu iwo eni, ndipo anakhaladi: Truffaut anatulutsa Les Quatre Cents Coups mu 1959, Godard natulutsa À bout de souffle mu 1960. Ganizo lokweza wotsogolera linali loona pa mbali zina, komanso linali kuwatsegulira njira. Lero ganizo limeneli lazika mizu kotero kuti wophunzira amalemba dzina la wotsogolera pambali pa dzina la filimu osadzifunsa kuti mwambo umenewu unacokera kuti.

2.2 Mkangano wa ku America

Andrew Sarris anatengera ganizoli ku America mu 1962, ndipo mu 1968 anatulutsa buku la The American Cinema mmene anaika otsogolera m'magulu, apamwamba ndi apansi. Pauline Kael anamutsutsa kolimba mu 1963. Kael anabadwa mu 1919 ku Petaluma, m'boma la California, m'banja la Ayuda ocokera ku Poland amene anali kuweta nkhuku. Asanachuke anagwira nchito zosiyanasiyana, kuphatikizapo kuyendetsa nyumba ya sinema ku Berkeley, kumene anali kuona nkhope za olipira pakhomo. Pamene anali kulembera The New Yorker, kuyambira 1968 mpaka 1991, anaika patsogolo zimene filimu imacita m'thupi ndi mumtima mwa woonera, nanyoza kupembedza maina. Sarris anali munthu wa mindandanda; Kael anali munthu wa m'cipinda coonera. Onse awiri anali kuonera mafilimu amodzimodzi, koma njira zimene anadzera zinawapatsa mafunso osiyana.

2.3 Mavoti akaculuka, mndandanda usintha

Umboni wooneka bwino uli m'mavoti a magazini ya ku Britain ya Sight and Sound, amene amacitika zaka khumi zilizonse kuyambira 1952. Citizen Kane inakhala pamwamba kuyambira 1962 mpaka 2002, ndipo Vertigo inailanda malo mu 2012, pamene ovota anali 846. Mu 2022 ovota anaonjezedwa kufika pa 1,639, ndipo filimu ya Chantal Akerman ya mu 1975, Jeanne Dielman, inakhala yoyamba yotsogoleredwa ndi mkazi kufika pamwamba. M'caka comweco La Noire de… ya Ousmane Sembène inalowa pakati pa mafilimu 100, kupeza Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty imene inalowamo kale. Mafilimuwa sanasinthe m'zaka khumi zimenezo. Amene anasintha ndi anthu ofunsidwa.

Kafukufuku wa pa University of Southern California, wotsogoleredwa ndi Stacy L. Smith ndipo wofalitsidwa mu 2018, anawerenga zolemba 19,559 zopenda mafilimu 100 amene anapeza ndalama zambiri ku America mu 2017. Pa zolemba 100 zilizonse, 82 zinali za azungu, ndipo pafupifupi 78 zinali za amuna. Ziwerengero izi sizitanthauza kuti olembawo analemba zabodza. Zitanthauza kuti maso amene anapima anali ofanana kwambiri kuposa maso amene anaonera.

3.0 OWONERA A KU MIGODI NDI OWALEMBA

Kwathu kuno, zolemba zoyamba zokhudza filimu sizinapende filimu koma Mwafrika woionera. Kuyambira 1935 mpaka 1937 kunali nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inapanga mafilimu ophunzitsa ku Tanganyika ndi kuwayendetsa m'maiko angapo, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Oitsogolera anali L. A. Notcutt, amene anali m'minda ya khonje, ndi G. C. Latham, amene anayang'anirapo maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Buku lao The African and the Cinema linatuluka mu 1937. William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, anali mkulu wa zaumoyo ku Nigeria, ndipo anaphunzitsa kuti Mwafrika afunika filimu yoyenda pang'onopang'ono, yopanda kudumpha kwa zithunzi, cifukwa ati sangatsatire.

Palibe mmodzi mwa anthu atatuwa amene anabwera ku filimu cifukwa ca cikondi ca luso. Mmodzi anali kuyang'anira anchito, wina ana a sukulu, wina odwala. N'cifukwa cake filimu yabwino kwa iwo inali filimu yolangiza, ndipo woonera wabwino anali womvera. Central African Film Unit, imene inagwira nchito kuyambira 1948 mpaka 1963, inayenda m'mapazi omwewo.

Koma anthu a ku migodi anali ndi zokonda zao. Hortense Powdermaker, amene anacita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 ndipo anafalitsa Copper Town mu 1962, anapeza kuti anthu anali kukonda koposa mafilimu a makaubhoi, ndi kuti ngwazi ya filimu anali kuicha Jack. Anali kuonera mofuula, kulangiza womenyana, kuseka ndi kutsutsana. Powdermaker anali atalembapo kale za Hollywood mu 1950, cotero anabwera ndi khutu lofuna kumva. Komabe mau a owonera anamufikira kudzera mwa omuthandiza a Ciafrika amene anali kuwalemba ndi kuwamasulira. Charles Ambler, m'nkhani yake ya mu 2001, anabwereranso ku umboni womwewo nasonyeza kuti zimene akuluakulu a boma anaziyesa kusamvetsa zinali kumasulira: anthu amene anapatsidwa mafilimu odulidwadulidwa ndi oyang'anira, m'Cingelezi cimene ambiri sanali kumva, anali kulumikiza okha nkhaniyo ndi moyo wao wa m'komboni.

Apa pali phunziro kwa ife a zinenero. Kupenda mafilimu m'Cibemba ndi m'Cinyanja kunayamba kalekale, koma kunali kwa pakamwa. Kunafanana ndi kuvomera kwa omvera nthano, amene sakhala cete wokamba akalakwitsa. Cimene cinasowa ndi pepala.

4.0 OPENDA A CIAFRIKA NDI ZOKONDA ZAO

Mu 1965 Sembène anauza Jean Rouch, Mfalansa wojambula miyambo, kuti iye ndi anzake anali kuyang'ana Aafrika monga tizilombo tofufuzidwa. Dandaulo limeneli linamvekanso m'kupenda kwa Aafrika eni. Paulin Soumanou Vieyra, wobadwira ku Porto-Novo, amene anaphunzira za filimu ku Paris natsogolera Afrique-sur-Seine mu 1955, anafalitsa mbiri ya filimu ya mu Afrika mu 1975. Cikondwerero ca FESPACO cinayamba ku Ouagadougou mu 1969. Pambuyo pake kunabwera mabuku a Manthia Diawara (1992) ndi Nwachukwu Frank Ukadike (1994).

Nchito yao ndi yolemekezeka, koma naonso anali ndi kwao. Anali anthu ophunzira kwambiri, ambiri a iwo ophunzira kunja, olemba m'Cifalansa kapena m'Cingelezi, ndipo anakonda filimu yolimbana ndi utsamunda ndi yofunsa mafunso a ndale. Pamene Living in Bondage inatuluka ku Nigeria mu 1992, m'Ciigbo, pa tepi ya vidiyo, inayambitsa msika umene unafika m'nyumba za anthu wamba kuposa filimu iliyonse yolandira mphoto ku Ouagadougou. Nkhani zake zinali za ufiti, cuma, mapemphero ndi maukwati, ndipo ophunzira ambiri anayamba aipeputsa. Buku loyamba lalikulu lopenda mafilimuwa, lokonzedwa ndi Jonathan Haynes, linatuluka mu 1997. Cotero khungu lakuda silicotsa vuto limene Bourdieu analiona. Mphunzitsi wa pa yunivesite mu Lusaka angathe kukhala kutali ndi woonera wa ku Matero monga momwe Latham analili kutali ndi wa ku Luanshya, ndipo wolemba nkhani ino sadzipatula pa ciweruzo cimeneci.

5.0 KHUTU LA WOPENDA: MAFILIMU AWIRI

Zonse zimene zachulidwa pamwambapa zikhudza maso. Koma filimu imamvekanso, ndipo apa ndipo akatswiri a zinenero ali ndi conena cimene ena alibe.

5.1 I Am Not a Witch (2017)

Rungano Nyoni anabadwira mu Lusaka nakulira ku Wales. Filimu yake yoyamba yaitali inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, inalandira mphoto ya BAFTA mu 2018, ndipo Britain ndiyo inaitumiza ku mpikisano wa Oscar. Ikamba za Shula, mwana wamkazi wonenezedwa ufiti, amene aikidwa pakati pa amai okalamba omangidwa ndi nsalu zazitali zoyera kuti asauluke. Nsalu zimenezi ndi zopeka za Nyoni mwini, ndipo misasa ya onenezedwa ufiti imene anakaiona pokonzekera inali ku Ghana.

Wopenda wosadziwa Zambia ali pa ngozi ziwiri. Yoyamba ndiyo kuyesa nthano yonyodola ngati lipoti la miyambo yathu, n'kulemba momvera cisoni pamene Mzambia akuseka. Bambo Banda, wa boma amene agwiritsa nchito mwanayo kupezera ndalama, ndi munthu amene aliyense wa ife anakumana naye pa ofesi ina yake. Kuseketsa kwake kuli m'kudzikweza kwa mau ake ndi kugwada kwake pamaso pa mfumu. Ngozi yaciwiri ndiyo ya cinenero. M'filimuyi mumveka Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cingelezi, koma mau omasulira olembedwa m'munsi mwa cithunzi ali m'cinenero cimodzi. Kwa Mzambia, kusintha kucoka ku Cinyanja kupita ku Cingelezi pakati pa ciganizo ndi cocitika: wolankhula akudzipatula, akuopseza, kapena akufuna kuoneka wophunzira. Wowerenga mau a m'munsi saona kusinthako. Momwemonso "iwe" ndi "inu" onse amasanduka liu limodzi la Cingelezi, ndipo ulemu wa "a-" patsogolo pa dzina umasowa. M'filimu imene mutu wake ndi mphamvu ya akulu pa mwana, kutaya kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" ndi kutaya mbali ya sewero lenilenilo.

5.2 The Boy Who Harnessed the Wind (2019)

Filimu iyi, yotsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor kucokera m'buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer (2009), inajambulidwa ku Malawi, ndipo mbali yaikulu ya zokambirana zake ili m'Cicewa. Ejiofor, wobadwira ku London, anaphunzira Cicewa cifukwa ca filimuyi; Maxwell Simba amene anasewera William ndi wa ku Kenya; Aïssa Maïga anabadwira ku Senegal nakulira ku France; Lily Banda ndiye wa ku Malawi pakati pa osewera akuluakulu a m'banjalo.

Kwa wosamva Cicewa, kusankha cinenero cimeneci ndi umboni wa kukhulupirika, ndipo kuyamikira kwake kuthera pomwepo. Kwa ife ndipo funso liyambira. Cinenero cathu cimasiyanitsa mau ndi kukwera kapena kutsika kwa liu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, khungu la thupi ndi khungu la maso. Kukwera kwa liu kumathandizanso kusiyanitsa nthawi za mneni, ndipo liu lotsatana ndi lomaliza m'ciganizo limakokedwa pang'ono. Wophunzira cinenero atakula amagwira zilembo msanga kuposa nyimbo ya mau. Zotsatira zake n'zakuti m'nyumba imodzi ya pa Wimbe womvera amamva bambo, mai, mwana ndi mlongo wake akulankhula ngati anthu ocokera kosiyana. Pa nthawi ya njala, pamene bambo ndi mwana akangana, khutu la Mcewa limagawika pakati pa cisoni ca nkhaniyo ndi kulemera kwa lilime la wosewera.

Sitinena izi kuti tipeputse khama la Ejiofor, amene akanatha kupanga filimu yonse m'Cingelezi osafunsidwa ndi aliyense. Tikunena kuti woonera wa ku London ndi wa ku Kasungu anaona zithunzi zimodzi koma anamva mafilimu awiri, ndipo mbiri yolembedwa yasunga kwambiri ya woyambayo.

6.0 KODI MLENDO SANGAPENDE?

Wina angatsutse kuti mfundo yathu itsogolera ku lamulo lakuti Mnyanja yekha ndiye apende filimu ya m'Cinyanja. Lamulo lotere silingaime. Anali Afalansa amene anaona luso la Hitchcock pamene ambiri ku America anali kuliponda, ndipo anali Ambler, mlendo, amene anabwezera ulemu kwa owonera a ku migodi. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwini mudzi nayenso ali ndi khungu lake: angayamikire filimu yofooka cifukwa cakuti ndi yakwao, kapena kukwiyira filimu yabwino cifukwa yaulula zimene iye afuna zibisike kwa alendo. Filimu yaciwiri ya Nyoni, On Becoming a Guinea Fowl (2024), imene iulula nkhanza zobisidwa ndi banja pa maliro, ndi muyeso wabwino wa khungu la mtundu umenewu.

Ndiponso kwao kwa munthu sikulamula zonse. Kael ndi Sarris anali a dziko limodzi koma sanagwirizane. Cimene tipempha kwa wopenda, mlendo kapena mwini mudzi, ndi zinthu ziwiri: anene poyera pamene waimirira, makamaka ngati wadalira mau omasulira, ndipo ciweruzo cake acitsimikize ndi zimene zili m'filimu, kuti wowerenga athe kumutsutsa. Vuto silili pa kukhalapo kwa mau a mlendo. Lili pa kusowa kwa mau ena omuyankha.

7.0 ZOFUNIKA KWA APHUNZITSI A ZINENERO

Madipatimenti athu aphunzitsa kupenda nthano, ndakatulo, masewero ndi mabuku, koma filimu amaisiyira a zofalitsa nkhani, amene nawo amaipenda m'Cingelezi. Komatu ophunzira athu amamva Cinyanja ca m'masewero a pa wailesi ya kanema ndi pa foni kuposa cimene amawerenga m'mabuku. Tipereka maganizo atatu.

Coyamba, ophunzira apatsidwe gawo lalifupi la filimu, alembe zokambirana monga momwe zimvekera, aziyerekeze ndi mau omasulira, ndipo afotokoze zimene zatayika: ulemu, kusintha kwa cinenero, miyambi ndi nthabwala. Nchito imeneyi iphunzitsa kumasulira, galamala ndi kupenda pa nthawi imodzi.

Caciwiri, alembe kupenda kwao m'Cinyanja. Mau a nchitoyi adzapezeka m'kulemba komweko. Tili nao kale mau monga mpangankhani, ciyambi, cimake, mathero, phunziro ndi msintho; otsala tidzabwereka kapena kuumba monga momwe tinacitira ndi galamala.

Cacitatu, wophunzira aliyense ayambe ndi kulemba mbiri ya kuonera kwake: anaonera kuti filimu yoyamba, ndi ndani, m'cinenero citi, ndipo ndani anamuuza kuti iyi ndi yabwino, iyo ndi yacabe. Wodziwa kumene zokonda zake zinacokera sazisandutsa lamulo msanga. Mafilimu a Shemu Joyah wa ku Malawi, monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, angaikidwe pambali pa a Nyoni kuti ophunzira ayerekeze wopanga wokhala kwao ndi wokulira kunja.

8.0 MAU OMALIZA

Taona kuti muyeso umene lero uoneka wa dziko lonse unayamba monga zokonda za gulu laling'ono la ku Paris. Kuti mndandanda wa mafilimu olemekezeka usintha ovota akasintha. Ndi kuti ku Northern Rhodesia olemba anapima woonera ndi muyeso wa nchito zao. Taonanso kuti filimu ya m'Cinyanja ikafika kwa wopenda kudzera m'mau omasulira imafika yopanda mbali ya nyimbo ndi ulemu wake. Anthu a ku Luanshya anapenda ndi pakamwa cifukwa sanapatsidwe pepala. Ife tili nalo, ndipo ngati zaka makumi asanu zikudzazi wofufuza adzapeza kuti zonse zolembedwa za mafilimu athu zili m'cinenero ca eni, mlanduwo sudzakhalanso wa Latham.